Uthenga wa pa Bedi 14

Ku ofesi ankamutchula kuti Naphwanya, ndipo iye anasiya kalekale kulikana dzinalo, chifukwa ntchito yake inalidi yophwanya. Anzake anayi ankapanga mawebusayiti, iye ankawayesa asanaperekedwe kwa eni ake. Munthu akamaliza tsamba lake n'kudzinyadira pampando ngati wamanga nyumba yosanja, Naphwanya ankasendeza mpando wake n'kuyamba kuchita zonse zimene munthu wanzeru sangachite. Pofunika manambala ankalembapo zilembo. Pa tsiku lobadwa ankalembapo la mawa. Batani lofunika kulidina kamodzi ankalidina kasanu motsatizana, kenako n'kudula intaneti fomu ili pakati kuti aone ngati idzukenso. Nthawi zambiri sinkadzuka. Akatero ankalemba mu lipoti lake, mwaulemu wake wopweteka uja, zinthu zitatu: chimene anachita, chimene ankayembekezera, ndi chimene chinachitika.

Munthu wotere anthu amamulemekeza, koma kumukonda ayi, tisanamizane. Iye ankadziwa zimenezo ndipo sizinkamusowetsa tulo. Zaka zisanu ndi zinayi pantchitoyo, panalibe webusayiti imene inatuluka ndi dzina lake n'kukachititsa manyazi kunja.

Chaka chimenecho analandira ntchito ya chipatala china chachikulu. Anamwino ankafuna kumalemba za odwala pakompyuta m'malo mwa mabuku, ndipo webusayitiyo inkayenera kutumiza yokha mauthenga ku mafoni a achibale: wodwala wasamutsidwira wodi ina, wodwala atuluka mawa, bweretsani zovala zosinthira. Panalinso uthenga wina umene aliyense mu ofesimo ankaudumpha powerenga, wa munthu akamwalira. Umenewu unkayenera kupita pokhapokha namwino atachonga m'kabokosi kotsimikiza kuti achibale auzidwa kale pamaso m'pamaso.

Webusayitiyo inali pawiri. Ina inali yeniyeni, yodzagwiritsidwa ntchito kuchipatala. Ina inali yoyeserera, yokhala ndi mzere wofiira pamwamba kuti munthu asasokoneze. Odwala a mu yoyeserera anali abodza, a mayina aulesi ngati Wodwala Woyamba ndi Wodwala Wachiwiri, ndipo onse wachibale wawo anali mmodzi, Naphwanya, chifukwa nambala yolembedwapo inali yake. Mwezi umenewo anali atapha anthu abodza oposa zana, foni yake ikulira nthawi iliyonse kumupepesa. Lamulo loyamba pa mndandanda wake, lolemba yekha ndi dzanja lake, linali lakuti usanadine chilichonse chotumiza uthenga, yang'ana nambala.

Lolemba m'mawa anatsegula kompyuta, mzere wofiira uli pamalo pake. Anaona kuti mayina a odwala asintha, akuoneka ngati a anthu, ndipo mumtima anayamikira kuti Injiniya, mnzake wolemba mapulogalamu, wasiya ulesi tsopano. Anasankha mayi wa pa bedi 14. Anasankha mawu akuti wamwalira. Anachonga m'kabokosi ka namwino n'kudina batani. Nambala sanayang'ane. Chinthu chimene wachita kambirimbiri dzanja limachita lokha, maso ali kwina. Nthawi inali itangodutsa 9 koloko ndi mphindi khumi.

Anadikira kuti foni yake ilire, koma inangokhala zii patebulo. Naphwanya anamwetulira, kumwetulira kwa mlenje, n'kulemba mu lipoti kuti uthenga wa imfa sukufika. Kenako anapita pa zina.

Injiniya anabwera cha m'ma 11 koloko, kapu ya tiyi ili m'manja, akuyenda monyang'wa ngati munthu amene wadikira tsikuli kwa zaka.

"Naphwanya, lero lokha mwalemba bodza," anatero. "Uthenga wanu unapita, ndipo unafika. Masekondi anayi okha. Bwerani muone."

"Unafika kuti? Foni yanga si iyi ili apayi?"

Injiniya anawerama n'kuloza pa sikirini. Chala chake chinayenda pamzere mpaka pa nambala, n'kuima. Anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Iyi si nambala yanu," anatero motsitsa mawu.

Nkhani yonse inatuluka m'mphindi ziwiri. Lachisanu madzulo abwana anauza Injiniya kuti akuluakulu a chipatala abwera kudzaona ntchito ndipo asapeze mayina achibwana. Injiniya anatenga mndandanda weniweni wa odwala a mu wodi ya amayi, umene chipatala chinatumiza pokonzekera, n'kuulowetsa mu webusayiti yoyeserera, manambala a achibale ali momwemo. Ankati anena Lolemba. Anaiwala.

Naphwanya anatsegula uthengawo n'kuuwerenga, ngakhale ankaudziwa pamtima, poti ndi iye anakonza mipumiro yake. Unali ndi dzina lonse la mayiyo, ndi mawu akuti: "Tikupepesa kwambiri chifukwa cha imfa ya wokondedwa wanu. Chonde bwerani ndi chiphaso chanu kudzatenga katundu wawo ndi zikalata." Pansi pa nambala panalembedwa kuti wachibale ndi mwamuna wawo, zaka 71, telala.

Anaimba nambalayo, foni inali yozima. Anaimbanso, chimodzimodzi. Anaimba ku wodi, atasokoneza kaye manambala kawiri.

"A pa bedi 14? Alipo, angomaliza kusamba," anatero namwino. "Kungoti lero akungoyang'ana kuchitseko. Amuna awo amafika 10 koloko tsiku lililonse, saphonya, mvula kaya dzuwa. Lero sitinawaone. Kwagwanji?"

Apa m'pamene mantha enieni anamugwira Naphwanya. Munthu akauzidwa kuti mkazi wake wamwalira amathamangira kuchipatala. Uyu sanapite, ndipo foni wazimitsa. Bambo wa zaka 71, ali yekha ndi uthenga wotero kwa maola awiri. Anamuona m'maganizo atagwa pansi pafupi ndi makina ake osokera.

Abwana atamva anatseka chitseko cha ofesi ngati kuti nkhaniyo ituluka ndi mphepo. Sanali munthu woipa, koma anali wa mtundu uja wokhulupirira kuti vuto lililonse limatha ndi chiganizo cholembedwa bwino.

"Titumize uthenga wina," anatero. "Tinene kuti wapitawo unatumizidwa molakwika. Kapena tinene kuti mwangozi? Molakwika zikumveka ngati tavomera mlandu."

"Bwana, foni ndi yozima," anatero Naphwanya.

"Akayatsa aupeza."

"Nanga ngati sayatsa?"

Injiniya anali atakhala pakona, mutu uli m'manja, akubwerezabwereza kuti ndi iyeyo walakwitsa. Naphwanya analibe nthawi yolimbirana mlandu. Anamuuza kuti mndandanda analowetsa ndi iye, inde, koma chala chinadina n'chake, ndipo lamulo lodumphidwalo n'lakenso. Anakopera adiresi papepala n'kunyamula chikwama.

"Mukakafika musakatchule dzina la kampani," abwana anamukuwira ali pamasitepe. Iye sanacheuke.

Basi inayenda ngati ikuchita dala. Inaima paliponse, kudikira aliyense, ngakhale munthu amene anali asanatseke geti la kwawo. Naphwanya ankaimba nambala ija mphindi zisanu zilizonse, mawu a mayi wa pamakina akumuuza zomwezomwezo. Anayesa kukonza zokanena, koma mawu onse amene ankabwera anali a mu lipoti, ndipo ankamunyansa.

Nyumbayo inali kuseri kwa mzere wa mashopu, polowera pakanjira kodutsa pakati pa malo ometera ndi ogulitsa zitsulo. Pakhoma panali chikwangwani chofufuma cha telala, chojambulidwa sizasi. Mayi wina woyandikana nawo ankayanika zovala akuimba nyimbo chapansipansi, ndipo Naphwanya anazindikira kuti bamboyo sanauze munthu aliyense. Pabwalo panalibe kulira, panalibe anthu. Panali matiresi, atatsamiritsidwa kukhoma padzuwa, ndi chipulasitiki chachikulu choyala pabedi la wodwala, chotsukidwa, chikudontha pachingwe.

Mawindo onse anali otsegula. Chitseko chinali chosatseka bwino.

"Odi," anatero. Zii. "Odi kuno!"

Anakankha chitseko. M'chipinda chochezeramo munali makina osokera atavindikiridwa ndi nsalu, ndi madiresi awiri osamaliza atapachikidwa pamsomali. Njinga ya wodwala inali yopinda, yomangidwa ndi kansalu kotsala posoka. M'katoni munali mabotolo a mankhwala, makapu a mlomo ndi matewera a akuluakulu, zonse zolongedzedwa bwinobwino. Pampando wautali panali bambo wamng'ono thupi, wa imvi, atagona chagada, nsapato zili kumapazi, dzanja limodzi likulendewera pansi.

Naphwanya anaima pakhomo. Kenako anamva mkonono, wofatsa, wa munthu amene ali kutali kwambiri. Anagwira felemu ya chitseko n'kupuma.

Anachita kuwagwedeza paphewa kuti adzuke. Bamboyo anatsegula maso, n'kumuyang'ana, n'kuyang'ana katoni ija, ndipo nkhope inawagwa pamene anakumbukira. Anadzuka n'kukhala tsonga, akukonza kolala.

"Mwachokera kuchipatala?" anafunsa. "Pepani mayi, ndimati ndinyamuka. Ndinangoti nditsamire pang'ono."

Naphwanya anagwada pansi, chinthu chimene anali asanachitire munthu kwa zaka zambiri.

"Bambo, akazi anu ali moyo. Sanamwalire. Ndalankhula ndi namwino, angomaliza kuwasambitsa. Uthenga uja ndi wabodza, ndipo ndautumiza ndine. Pepani."

Bamboyo anangomuyang'ana.

"Ali moyo?"

"Ali moyo, bambo."

"Mwawaona inuyo?"

"Sindinawaone, koma namwino wanena. Akuti akungoyang'ana kuchitseko, akudikira inu."

Naphwanya ankayembekezera chimodzi mwa ziwiri, kuti alire ndi chimwemwe kapena amutukwane, ndipo zonse anali wokonzeka kuzilandira. Kutukwanako ankakulakalaka. Koma bamboyo anangoika manja pamaondo n'kuyang'ana pansi nthawi yaitali.

"Ndiye inuyo mumatani kuti mutumize zimenezo?" anafunsa pomaliza, mopanda ukali.

Anawafotokozera mmene akanathera. Anati ntchito yake ndi yoyesa makina a chipatala asanayambe kugwira ntchito, kuti akayamba asamalakwitse. Anati ankaganiza kuti dzinalo ndi lopeka, ndipo uthenga ubwera pa foni yake. Anati panali chinthu chimodzi chofunika kuyang'ana ndipo sanachiyang'ane. Atamaliza anamva yekha kuchepa kwa mawu akewo m'chipinda chimenecho.

"Mumayesa," anatero bamboyo, akugwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ifenso timayesa. Diresi timayamba talumikiza ndi ulusi wosalimba, mwini wake avale, tione. Kungoti ife tikalakwitsa timasula." Anamulozera mpando. "Khalani pampando, mwanawe, pansipo m'pozizira."

Naphwanya anakhala m'mphepete mwa mpando, chikwama chili pamiyendo.

"Amayi anuwa anafa ziwalo mbali imodzi zaka zitatu zapitazo," anayamba bamboyo, maso ali pa katoni. "Ana ali kutali, ali ndi mabanja awo, sindiwadandaula. Ndimawatembenuza ndine, maola awiri aliwonse. Kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwasintha. Ndinawasokera madiresi otsegula kumbuyo kuti asamavutike povala. Milungu iwiri ali kuchipatalayi ndimati mwina ndipuma, koma thupi linazolowera, limadzidzimuka lokha maola awiri akakwana. Sindikudandaula, mundimvetse. Takhala zaka makumi anayi ndi zisanu, ndipo mayi amene uja anandipirira zambiri."

"Ndamva, bambo."

"Simunamve. Uthenga wanu unandipeza nditavala kale nsapato, ndikuti ndizipita. Ndinawerenga kawiri. Ndinadikira kuti ndilire." Anagwira phewa lake. "Mukudziwa chimene chinabwera? Mapewa awa anatsika. Ndinamva kupepuka, mwanawe, ngati munthu wanditula katundu pamutu. Ndisanaganize n'komwe zoimbira ana, ndinapezeka ndatsegula mawindo, ndatulutsa matiresi. Ndinazimitsa foni kuti munthu asandisokoneze. Ndinadya mpaka kukhuta. Kenako ndinagona tulo timene sindinagonepo zaka zitatu. Mkazi wanga ali m'nyumba ya chisoni, mmene ndinkadziwira ine, ine ndikuliza mkonono."

Apa ndiye analira, kulira kopanda phokoso, misozi ikutsika m'makwinya. Naphwanya anamva chisoni chimene sanachimvepo chiyambire, ndi manyazi olemera kuposa chisonicho. Panjira yonse ankaopa kuti uthenga wake wapha munthu. Sanaganizepo kuti ungamusiye wamoyo n'kumuonetsa chinthu chotere.

"Munatopa, bambo," anatero. "Kutopa si kusakonda. Aliyense akanatero."

"Mwina. Koma aliyenseyo sakudziwa kuti akanatero. Ine ndadziwa." Anapukuta nkhope ndi chikhatho. "Likanakhala tsiku lenileni, bwenzi ndikunyamula ndekha zimenezi mpaka kumanda, iwo osadziwa kanthu, ine osawaonanso m'maso. Tsopano ndikuyenera kupita kukakhala pambali pa bedi lawo."

Pepani Naphwanya anali atanena kale, ndipo anaona kuti kubwereza kukhala kupempha kuti bamboyo amutonthoze iyeyo.

Bamboyo anaimirira n'kumasula kansalu kaja pa njinga, n'kuitambasula, n'kuikankhira pakona pamene matayala ake anasiya zizindikiro pasimenti. Anatulutsa mabotolo m'katoni n'kuwandandalika pawindo, lililonse pamalo pake, aatali kumbuyo.

"Ndigwireni matiresi," anatero.

Anawanyamula awiri, wina uku wina uku, akupanikizika pakhomo. Chipulasitiki chinali chisanaume, ndiye anachipukuta ndi thaulo n'kuchiyala, Naphwanya akukoka makona monga ankamuuzira. Bamboyo anatseka mawindo, kusiya limodzi. Anasamba kumaso, anapesa tsitsi, n'kutenga kachikwama kamene anali atalongedza m'mawa, muli diresi yochapa ndi mafuta odzola.

"Ana musawauze," anatero akukhoma chitseko, ngati kuti Naphwanya akuwadziwa anawo. "Amayi anunso musawauze."

"Sindinena, bambo."

"Mundiperekeze. Miyendo sindikuikhulupirira lero."

Anakwera basi. Foni ya Naphwanya inalira katatu, abwana, ndipo anaisiya ilire m'chikwama. Ankadziwa kuti lipoti likumudikira, ndipo adzalemba zonse ndi dzina lake pansi, koma panalibe mzere mu lipotilo wokwana zimene anamva m'nyumba ija.

Anafika ku wodi 3 koloko itadutsa. Namwino anawalola ngakhale nthawi yoona odwala inali isanakwane. Naphwanya anaima pakhomo, sanayerekeze kulowa. Anawerenga manambala a pamakoma mpaka pa 14, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona munthu amene anamusankha m'mawa uja: mayi woonda, wa tsitsi loyera lolukidwa bwino, mbali imodzi ya nkhope itagwa, diso lamoyo lili pachitseko.

Bamboyo anayenda pang'onopang'ono pakati pa mabedi, kachikwama kali kutsogolo. Atafika anakhala pampando n'kugwira dzanja labwino lija.

"Ndachedwa, mayi," anatero. "Pepani."

Mayiyo anawayang'anitsitsa nthawi yaitali, monga amayang'anira munthu amene wakhala naye moyo wonse. Kenako mbali yamoyo ya pakamwa inakwera pang'ono. Mawu ankatuluka movutikira, limodzilimodzi, koma m'wodimo munali bata ndipo anamveka mpaka pakhomo.

"Lero... nkhope yawala. Mwagona?"

Bamboyo anaweramitsa mutu.

"Ndagona pang'ono."

"Mwachita bwino," anatero mayiyo, akusisita dzanja lawo ndi chala chachikulu. "Ndimakuderani nkhawa... simugona inu. Chimene chakugonetsanicho... chizibwera tsiku lililonse."

Bamboyo anatsegula kachikwama, natulutsa mafuta, n'kuyamba kuwadzoza dzanja lakufa lija, chala chimodzichimodzi, nkhope atalozetsa kukhoma. Namwino anafika pambali pa Naphwanya n'kumufunsa ngati ndi mwana wawo. Iye anapukusa mutu, koma mawu oti anene kuti ndi ndani sanatuluke.